Dzuwa silinkapha vampaya

Ambiri amaganiza kuti chiyambire kalekale, vampaya, mzukwa woyamwa magazi uja, akawombedwa ndi dzuwa amapsa n'kusanduka phulusa. Ndiye akamawerenga buku lachikondi la nkhani zamakedzana n'kupeza vampaya akuyenda masana ndi bwenzi lake, amati wolembayo waphonya.

Sanaphonye ayi. M'buku la Dracula la Bram Stoker, lomwe linatuluka mu 1897, vampaya wotchedwa Dracula amayenda m'misewu ya London masanasana. Kukacha amangochepa mphamvu basi, satha kusintha maonekedwe mmene akufunira. Zofa ndi kuwala kwa dzuwazi zinatchuka ndi filimu ya ku Germany ya Nosferatu mu 1922. Choncho wolemba nkhani ya m'zaka za m'ma 1800 angathe kumutulutsa panja masana, ndipo ine zimandisangalatsa akatero.