Mfuti ya agogo musaikweche ndi sandipepa

Bambo wina anafika kuntchito kwanga atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli. Atamasula, ndinaona mfuti ya gogodela ili mbee! ngati poto watsopano. "Ndi ya agogo awo a bambo anga imeneyi, achimwene," anatero monyadira. "Ndaikwecha masiku atatu kuti muione bwino." Ine mtima unangoti zii. Ntchito yanga ndi yosamalira zitsulo zakale, ndipo pa mfuti yotere ndimayamba kufufuza tizidindo timene timakhala kumunsi kwa mpope. Sandipepa anali atatidya tonse, kungotsala kamzere kokhota kamene mwina kanali mbali ya chisoti chachifumu.

Ambiri amadabwa kuti munthu wanzeru zake angatayire bwanji ndalama pa mfuti imene singapikisane ndi yamakono. Zoona zake n'zakuti okonda mfuti zakale ambiri sagula kuti aziombera. Amagula kuti awerenge, pakuti mfuti yakale ili ngati kalata, ndipo tizidindo tija ndiye zilembo zake.

Mu 1813 ku Birmingham, mzinda umene unkasula mfuti zochuluka zobwera ku Africa, anatsegula nyumba yoyesera mipope. Mpope ankauthira wonga woposa muyeso n'kuuphulitsa. Ukapirira osang'ambika, ankaudinda ndodo ziwiri zachifumu zopingasa, chisoti pamwamba. Ku Liège, m'dziko la Belgium, ankadinda zilembo ELG mkati mwa kabwalo kooneka ngati dzira. Wodziwa akangoona timeneti amanena kumene mfuti inachokera ndi nyengo imene inasulidwa. Koma mawu akuti TOWER amene amapezeka pambali pa mfuti zambiri asakunyengeni. Poyamba ankasonyeza kuti ndi katundu wa boma la Britain, kenaka amalonda anaona kuti ogula amawakhulupirira, n'kumawadindanso pa mfuti zotchipa.

Chachiwiri chimene chimakoka anthu n'chakuti mfuti yakale sibisa kanthu, nzeru zake zonse zili poyera. Tengani Brown Bess, imene asilikali a Britain anaigwiritsa ntchito zaka zoposa 100 kuyambira cha m'ma 1720. Msilikali ankathira wonga kukamwa kwa mpope, n'kuponyamo chipolopolo chozungulira ngati nsawawa yaikulu, n'kutsendera ndi ndodo. Kugogoda kumeneko ndi kumene timamva m'dzina lathu lija la gogodela. Akakoka kachitsulo koombera, kamwala kolimba kopanidwa ngati m'kamwa mwa tambala kankamenya chitsulo n'kutulutsa moto. Motowo unkagwera m'kambale ka wonga, n'kulowa mkati kudzera pa kabowo ngati ka singano. Maso amatha kutsata zonsezi chimodzichimodzi. Msilikali wozolowera ankaomba katatu pa mphindi imodzi, koma mvula ikagwa wonga wa m'kambale n'kunyowa, mfuti inkasanduka chibonga basi.

Vuto la kambaleli analithetsa ndi m'busa wa mpingo, zodabwitsa ndithu. Alexander John Forsyth wa ku Scotland ankakonda kusaka abakha am'madzi, ndipo ankadandaula kuti mbalame zikaona kung'anima kwa m'kambale zimauluka chipolopolo chisanatuluke. Mu 1807 analembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera kachipewa kamkuwa kamene kanalowa m'malo mwa mwala. Zinthu zinayamba kuthamanga. Mfuti ya Enfield ya 1853 inali ndi mizere yopota mkati mwa mpope yozunguliritsa chipolopolo kuti chisaphonye. Mu 1866 anayamba kudula Enfield zomwezo kumbuyo kuti chipolopolo chizilowera kumeneko, n'kuzitcha Snider. Mu 1871 kunabwera Martini-Henry, imene Azulu analanda zambirimbiri atagonjetsa Angerezi ku Isandlwana mu 1879. Mukayala mfuti zinayizi, kuyambira Brown Bess mpaka Martini-Henry, pa tebulo limodzi, mwayala zaka 150 za nzeru za anthu osula.

Ine zimene zimandigwira mtima kwambiri si zokongola za m'makabati a ku Ulaya ayi, koma zathu zomwezi, zokhala ndi zipsera. Mtengo wake unasweka, wina n'kuumanga ndi waya wamkuwa kapena chikopa chachiwisi chimene chinauma n'kugwira ngati chitsulo. Wina anakhomerapo timisomali tamkuwa mondandalika kuti ikongole. Wosula wa m'mudzi anachotsa mwala n'kuikapo pokhala kachipewa. Wogula wosadziwa amati mfuti yaonongeka, pamene ndi pomwe pali dzanja la makolo athu. Ndipo tisanamizane: zambiri mwa mfutizi zinakwera kuchokera ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane posinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndiponso anthu. Nkhondo ya ku Karonga, imene inayamba mu 1887 n'kutha Mlozi, wamalonda a akapolo, atanyongedwa mu 1895, inamenyedwa ndi mfuti za nyengo yomweyi. Amene akusunga gogodela akusunga mboni ya zimenezo, afune asafune.

Za mtengo ndinene mwachidule, chifukwa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Mu 2021 mfuti ya Colt imene wapolisi Pat Garrett anaphera chigawenga chotchuka Billy the Kid inagulidwa madola oposa 6 miliyoni ku America. Chitsulo chake sichinali chapadera. Anthu analipira mbiri yake, ndi mapepala otsimikizira mbiriyo. Gogodela wamba sangakugulireni galimoto. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa mtundu wake, kudziwika kwa manja amene inadutsamo, ndi kukhala mmene inalili. Khungu lodera lija limene chitsulo chimavala pakapita zaka ndi chuma, lisiyeni. Dzimbiri lofiira lofumbutuka ndilo mdani, koma nalonso timangolifewetsa ndi timafuta pang'ono ndi kansalu, kenaka n'kupaka sera.

Kuiombera musayese n'komwe. Mfutizi anazisulira wonga wakuda, ndipo wonga wopanda utsi umene Paul Vieille anatulukira ku France mu 1884 uli ndi mphamvu yong'amba mpope wakale ngati nsungwi. Ngakhale ndi wonga wakuda womwewo, dzimbiri la mkati silioneka ndi maso. Pa malamulo, mungamve kuti ku America mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake boma siliiwerengera ngati mfuti zina. Limenelo ndi lamulo lakwawo. Kuno ku Malawi mfuti imafuna chiphaso, choncho mukaipeza kudenga kwa nyumba ya malemu, yambani mwafunsa kupolisi musanaikweze minibasi.

Bambo aja ndisanawauze za tizidindo, ndinachita chimene ndimachita ndi gogodela aliyense. Ndinalozetsa kukamwa kwake kukhoma, n'kulowetsa ndodo pang'onopang'ono mpaka inagunda, ndipo ndinaika chizindikiro pamene inalekezera. Nditaisolola n'kuigoneka pambali pa mpope, sinafike pa kabowo koyatsira. Panatsala danga lokwana zala zitatu.

"Bambo, muli kanthu umu," ndinatero.

"Aaa, zaka zonsezi? Si zinafa kalekale zimenezo?"

Wonga wakuda ukakhala pouma sufa, umatha kuyaka ngakhale patapita zaka zoposa 100. Bambowo anakhala pansi, n'kuyang'ana manja awo amene anakwecha mpope uja masiku atatu ataupanira m'miyendo, adzukulu atawazungulira pakhonde.