Mwana wa ku sekondale akasintha khalidwe mayeso atayandikira: uthenga wa thanzi la m'maganizo

Zaka zinayi za ku sekondale zimakathera pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa, ndipo panjira pali JCE ya Fomu 2. Mwana aliyense wa Fomu 4 amadziwa kawerengedwe kake: amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino, mapointi akachepa ndiye kuti zayenda, ndipo Chingerezi chikakanika setifiketi palibe. Amadziwanso kuti malo m'mayunivesite a boma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST ndi ochepa kuyerekeza ndi amene akuwafuna. Pamwamba pa izi pali mbuzi imene inagulitsidwa kuti iye apite kusukulu, ndi mawu amene amamva tchuthi chilichonse akuti "ndiwe amene udzatitulutse mu umphawi." Mwana wa zaka 17 amasenza zonsezi, nthawi zambiri osauza munthu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la m'maganizo, ndiponso kuti theka la mavuto otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. M'kalasi ya ana 70 pa CDSS ya kwanu, ana otere alimo. Ambiri timawatchula aulesi, amwano kapena olodzedwa, pamene akudwala matenda ochizika.

Mantha wamba ndi matenda

Kuopa mayeso si matenda. Mtima kugunda polowa m'chipinda cholembera, m'manja kutuluka thukuta, kusowa tulo usiku woti mawa ndi masamu, zonsezi zimachitikira pafupifupi aliyense ndipo zimatha pepala likangotha. Mantha ochepa otere amathandizanso munthu kukhala tcheru.

Zimakhala zina pamene vutolo silikuchoka. Mwana akatha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankazikonda monga mpira, kwaya kapena kucheza ndi anzake sakuzifunanso, kudya kwasintha, tulo sakupeza kapena akungogona usana wonse, amenewo akhoza kukhala matenda okhumudwa. Kwathu kuno anthu ambiri amangoti "akuganiza kwambiri." Wina amawerenga tsamba lomwelo kangapo osagwirapo kanthu, kenako n'kuyamba kudziona ngati chitsiru. Kwa achinyamata matendawa saonekera m'misozi nthawi zonse. Mnyamata amene anali wofatsa akhoza kuyamba kupsa mtima msanga, kuyankha aphunzitsi mwamwano, kujomba. Ndipo kawirikawiri chimene mwana amadandaula ndi thupi: mutu sukupola, m'mimba mukupweteka, pachifuwa pakulemera. Akayezedwa malungo n'kupezeka alibe, ndipo magazi ali okwanira, tisathamangire kunena kuti akunamizira.

Nkhawa yopitirira muyezo nayo ili ndi maonekedwe ake. Mwana amangodzidzimuka mtima ukuthamanga, mpweya ukuperewera, manja akunjenjemera, iye n'kumaona ngati akufa. Zikatere musamuunjikire. Mukhazikeni pamalo pabata, mulankhule naye modekha, apume pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa mochedwa ndi pakamwa. Nthawi zambiri zimatsika pakapita mphindi zingapo. Zikamabwerezabwereza apite kuchipatala, akaonenso ngati si mphumu kapena vuto lina la m'thupi.

Zimene zimakolezera vutoli

Choyamba ndi tulo, ndipo apa ndi pamene sukulu zambiri zimalakwitsa ndi mtima wabwino. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Koma mayeso akayandikira ana amachezera, ena kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asaodzere, ena kumwa khofi wambiri kapena zakumwa zopatsa mphamvu, kenako belu la pulepu ya m'mamawa n'kulira kusanache. Ubongo umasunga zimene waphunzira pamene munthu ali m'tulo. Wochezera usiku wonse amataya zomwe amafuna kusungazo, ndipo kusagona kumakulitsa nkhawa ndi kukhumudwa. Aphunzitsi aakulu amene mumakonza ndondomeko ya pulepu, werengani maola ogona amene mwawasiyira anawo.

Chamba ndi mowa zimabwera ndi bodza lakuti zimatsegula mutu kapena kuiwalitsa mavuto. Chamba chimafooketsa kukumbukira, ndipo kwa ena, makamaka oyamba kusuta ali aang'ono, chimadzutsa matenda aakulu a m'maganizo: kumva mawu amene ena sakuwamva, kukayikira aliyense, kulankhula zosagwirizana. Mwana akafika pamenepa afunika chipatala tsiku lomwelo. Kumumanga kapena kumukwapula sikuchiza.

Pali zinanso zimene ana amabisa chifukwa cha manyazi. Amene amachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha amagona ndi njala ufa ukatha, ndipo atsikana ena amagwa m'manja mwa abambo owalonjeza ndalama. A Fomu 1 amazunzidwa ndi akuluakulu anzawo m'mahositelo, ife n'kumati ndi mwambo wa sukulu. Ena anaferedwa makolo, ena akumwa ma ARV mobisa poopa kusekedwa, ena zithunzi zawo zafalitsidwa pa WhatsApp. M'maboma a kum'mwera alipo ana amene anaona madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 zikukokolola abale awo, ndipo mvula ikamagunda padenga la kalasi maganizo awo amabwerera komweko. Mtsikana woyembekezera amaona ngati zonse zatha, chonsecho kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Wina ayenera kumuuza zimenezi msanga, asanapange chinthu choopsa ali yekha.

Mufunseni, ndipo mumvereni

Makolo, sankhani nthawi imene muli awiriwiri, mwina popita kumunda kapena potsuka mbale, n'kunena zimene mwaona: "Mwanangu, masiku ano sukudya, ndipo sindikukumvanso ukuseka. Chikukuvuta n'chiyani?" Akayamba kulankhula musamudule ndi malangizo. Mawu akuti "mwamuna salira," "ife tinavutika kuposa iwe" kapena "ona mwana wa aneba" amatseka pakamwa pa mwana, ndipo sadzabweranso. Ngati sakumasuka kwa inu musakhumudwe. Mpezereni azakhali, amalume, a matroni kapena mphunzitsi amene amamukhulupirira.

Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zikutenga miyoyo ya anthu a zaka 15 mpaka 29 padziko lonse, choncho nkhaniyi tisaizembe. Mwana akamanena kuti "bola kufa," "ndine mtolo kwa inu," kapena "simudzandionanso," akayamba kugawa zinthu zake kapena kutsanzika anzake mosadziwika bwino, musati akungofuna kuopseza. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Ambiri amapepukidwa kuti wina waona ululu wawo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala a m'munda, ophera makoswe ndi mapiritsi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu ophunzira, mnzanu akakuuzani zotere n'kukupemphani kuti musauze munthu, chinsinsi chimenecho musasunge. Uzani munthu wamkulu lero lomwe. Akhoza kukukwiyirani kwa masiku angapo, koma adzakhala ali moyo.

Kopita

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Zipatala za maboma zili ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a m'maganizo, ndipo m'zipatala zambiri muli gawo lothandiza achinyamata mwachinsinsi. Mavuto aakulu amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana kapena kholo akhozanso kuimba ulere pa 116, nambala yothandiza ana ya Tithandizane imene bungwe la YONECO limayendetsa.

Ambiri amaopa kuti kupita kumeneko ndiye kuti mwana wachita misala. Ayi. Ochuluka amathandizidwa ndi uphungu, osagonekedwa n'komwe, ndipo amapitiriza sukulu. Amene apatsidwa mankhwala adziwe kuti amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo asawasiye popanda kufunsa adokotala. Mapemphero ndi chilimbikitso cha ku mpingo kapena ku mzikiti ndi zabwino, ziyendere limodzi ndi chipatala. Chimene chimapweteka ana ndi kutha miyezi akuzungulira nawo kofuna amene wawalodza, matenda akukula.

Tsiku la zotsatira

Masiku oyandikira kutuluka kwa zotsatira ndi milungu yotsatira pake ndi nthawi yofunika kukhala tcheru kwambiri. Musadikire tsikulo. Muuzeni mwana mayeso asanalembedwe kuti kaya akhoza kaya alephera, pakhomo ndi pake. Muuzeninso njira zimene zilipo: MSCE munthu amatha kulembanso, kaya pobwereza Fomu 4, kaya kudzera m'sukulu za masana ndi madzulo zija timati open, ndipo alipo makoleji a ntchito zamanja amene TEVETA imayang'anira, kumene achinyamata amaphunzira zamagetsi, ukalipentala, zomangamanga ndi kusoka.

Zotsatira zikabwera zoipa, tsiku limenelo si lokambirana za ndalama zimene zinapita. Mwanayo adye, akhale pakati pa anthu, ndipo usikuwo wina agone naye chipinda chimodzi. Yang'aniraninso amene wakhoza koma sanafike pa mapointi amene banja linkayembekezera, chifukwa ameneyo anthu amamuiwala poganiza kuti ali bwino. Za kubwereza kapena kupita ku koleji mukambirane pakapita masiku angapo, ndipo ngati pakutha milungu iwiri akudzitsekerabe m'nyumba osadya bwino, pitani naye kuchipatala.