Mmene njovu zinathera ndi kubwereranso ku Nkhotakota

Malonda a minyanga ku Nkhotakota ndi akale. Jumbe, Mswahili amene anakhazikika pagombe lino m'zaka za m'ma 1840, ankaolotsa minyanga ndi akapolo panyanja m'zombo, ulendo wa ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere ku Tanzania. Komabe mfuti za gogodela za nthawi imeneyo sizinathe njovu. Anazitha ndi alenje ozembera a m'masiku athu ano. M'nkhalango ya Nkhotakota, yokula masikweya kilomita 1,800, munali njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma, zinatsala zosakwana 100.

Njovu sichedwa kutha chifukwa imaswana mochedwa. Bere lake ndi la miyezi 22, mwana mmodzi, kenako padutse zaka zinayi kapena zisanu. Mukapha zazikazi zingapo pachaka, gulu lonse layamba kale kufota ngakhale maso sakuona.

Kummwera vuto linali lina. Ku Liwonde, malo osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a Nkhotakota, kunali njovu pafupifupi 800. Njovu yaikulu ilibe chilombo choidya, ndiye chimene chimaiikira malire ndi chakudya basi. Imodzi imadya makilogalamu oposa 100 patsiku: kusenda makungwa, kugwetsa mitengo, ndipo thengo likaperewera imalowa m'munda wa chimanga. Mitengo ikatha, nyama zodalira masamba ndi mthunzi nazo zimachepa. Alimi oyandikana ndi Liwonde ankagona m'minda akuimba zitini.

M'zaka za 2016 ndi 2017 ndi mmene anasamutsa njovu zoposa 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota. Ankazilasa mankhwala ogonetsa ali mu helikoputala, banja lonse pamodzi, chifukwa kamwana kosiyana ndi make sikakhalitsa. Kenako makina onyamulira ankazikweza atazimanga miyendo, mutu pansi, chitamba chili lendelende, n'kuziika m'malole. Pamodzi nazo panabwera nyama zina pafupifupi 2,000: njati, mphalapala, mbidzi, njiri ndi zina.

Chimene ambiri amaiwala poyamikira ntchitoyi ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imakhalira magazi a nyama zakutchire, makamaka njiri, mbawala ndi njati, ndipo ndiyo imafalitsa matenda a kaodzera, omwe ku Nkhotakota ndi ku Rumphi amadziwika kuyambira kale. Kumene nyama zachuluka, kashembe wapeza chakudya. Ine ndimaona kuti mlimi wa m'mphepete mwa mpanda wa nkhalangoyi akadandaula, si kuti akudana ndi njovu ayi. Iye ndi amene amalumidwa popita kumunda. N'chifukwa chake poyenda cha kumeneko mumaona tinsalu tabuluu ndi takuda titapachikidwa m'mbali mwa njira. Mtunduwo umakopa kashembe, akatera amakhudza mankhwala opakidwa pansaluyo n'kufa.