Mpando woyamba wa Barack Obama: chisankho cha 1996 ku Illinois ndi mkangano wa masiginecha

Asanakhale mtsogoleri wa dziko la America, komanso asanalowe mu Seneti ya ku Washington, a Barack Obama anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu ali phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois, yomwe imakumana mumzinda wa Springfield. Ku America chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo zambiri zokhudza munthu wamba, monga ndalama zoyendetsera sukulu za boma, malamulo a apolisi ndi ndende, thandizo la mabanja osauka ndi misonkho ina, zimagamulidwa kumeneko, osati ku likulu la dziko. Nyumba ya ku Illinois ili ndi mbali ziwiri, ina ya aphungu 118 ndipo ina ndi Seneti ya anthu 59. Mpando umene a Obama anaimira mu 1996 unali wa dera la nambala 13 la Senetiyi, ndipo momwe anaupezera ndi nkhani imene anthu a ku Chicago sanagwirizanepo mpaka lero.

Derali linali kummwera kwa mzinda wa Chicago, mbali yotchedwa South Side, kumene kunadzaza anthu akuda amene makolo awo anachoka m'zigawo za kummwera kwa America pothawa tsankho ndi kudzafuna ntchito m'mafakitale. Linkayambira ku Hyde Park, kumene kuli University of Chicago ndipo akuda ndi azungu ophunzira amakhala moyandikana, n'kudutsa ku South Shore mpaka kukafika ku Englewood, kumene umphawi ndi ulova zinali zitazika mizu. Anthu a ku Hyde Park anali ndi mbiri yosagonjera akuluakulu a chipani cha Democratic amene ankagawa ntchito ndi mipando mumzindawo kuyambira nthawi ya meya Richard J. Daley. A Harold Washington, meya woyamba wachikuda wa Chicago, amene analamulira kuyambira 1983 mpaka imfa yawo mu 1987, ankakhala komweko. Pa mpando wa Seneti panakhala a Richard Newhouse kuyambira 1967 mpaka 1991, ndipo atapuma analowa m'malo mwawo mayi Alice Palmer, mphunzitsi wokhala ndi digiri ya PhD ya ku Northwestern University, amene anthu ankawalemekeza chifukwa cha zaka zambiri zomenyera ufulu wa anthu akuda.

A Obama sanali mwana wa deralo. Anabadwira ku Honolulu, ku Hawaii, pa 4 Ogasiti 1961, bambo awo ali Mluo wa ku Kenya ndipo mayi awo ali mzungu wa ku Kansas. Ubwana wawo wina anauthera ku Jakarta, ku Indonesia, ndipo digiri yoyamba anaitenga ku Columbia University mu 1983. Ku Chicago anafika mu 1985, atalembedwa ntchito ndi bungwe la mipingo lotchedwa Developing Communities Project, lomwe linkagwira ntchito m'madera a Roseland, West Pullman ndi Altgeld Gardens. Nthawi imeneyo mafakitale a zitsulo amene ankadyetsa mabanja a kumeneko anali akutsekedwa, fakitale ya Wisconsin Steel itatseka kale zipata zake mu 1980, ndipo ntchito ya mnyamatayu inali kuyenda m'matchalitchi ndi m'makomo, kumva madandaulo a anthu ndi kuwaphunzitsa kudzilankhulira okha pamaso pa akuluakulu a boma.

Ku Altgeld Gardens ndi kumene munthu angaonere bwino kumene mfundo zawo zinachokera. Awa ndi nyumba za boma zomangidwa m'zaka za m'ma 1940 kumapeto kwenikweni kwa mzinda, zozunguliridwa ndi malo otayako zinyalala, mafakitale ndi malo oyeretserako madzi a m'zimbudzi. Mu 1986 anthu okhala m'nyumbazo anatulukira kuti bungwe loyang'anira nyumbazo likuchotsa asibesitosi, yemwe amayambitsa matenda oopsa a m'mapapo, mu ofesi ya oyang'anira ake, pamene za nyumba zogonamo ana silinanenepo kanthu. Amayi angapo anakwera basi n'kupita ku likulu la bungwelo pakati pa mzinda kukafunsa ngati nyumba zawo zinayezedwa, ndipo a Obama anali m'gulu la amene anakonza ulendowo. Kunena chilungamo, nkhondoyi sanaiyambe ndi iwo: mayi Hazel Johnson, amene ankakhala m'nyumba zomwezo, anali atayamba kale kulimbana ndi zoipitsa malowo kudzera m'bungwe lawo la People for Community Recovery. Chimene a Obama anaphunzira kumeneko n'chakuti kusonkhanitsa anthu kumatha kukonzetsa nyumba zingapo, koma sikusintha lamulo kapena bajeti, ndipo mu 1988 anapita ku Harvard kukaphunzira zamalamulo. Mu 1990 anasankhidwa kukhala munthu wakuda woyamba kutsogolera magazini ya ophunzira ya Harvard Law Review.

Atabwerera ku Chicago anatsogolera, mu 1992, ntchito ya Project Vote, yomwe inalembetsa anthu pafupifupi 150,000 m'kaundula wa ovota, ambiri mwa iwo akuda, m'chaka chomwe mayi Carol Moseley Braun anakhala mkazi wachikuda woyamba kusankhidwa kupita ku Seneti ya dziko lonse. Chaka chomwecho anakwatira mayi Michelle Robinson, mbadwa ya South Side, ndipo anayamba kuphunzitsa malamulo ku University of Chicago, kenako n'kulowa ntchito pa kampani yaing'ono ya maloya yoimira milandu ya ufulu wa anthu ndi ya ufulu wovota.

Mwayi wa mpando unabwera chifukwa cha kugwa kwa munthu wina. A Mel Reynolds, phungu wa ku Washington woimira mbali ina ya kummwera kwa Chicago, anapezeka olakwa mu Ogasiti 1995 pa mlandu wogona ndi mtsikana wa zaka 16, ndipo anatula pansi udindo. Mayi Palmer anali atalengeza kale kuti akufuna mpando umenewo, ndipo anauza anthu kuti sadzaimanso ku Seneti ya Illinois. Pa 19 Sepitembala 1995, pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Hyde Park, iwo eni anaimirira pamaso pa khamu la anthu n'kupereka a Obama ngati wowalowa m'malo. Koma pa chisankho chachipulula cha pa 28 Novembala anapambana a Jesse Jackson Jr., a Emil Jones anakhala achiwiri, ndipo mayi Palmer anatsalira kutali pa nambala yachitatu. Akuluakulu ena a anthu akuda, kuphatikizapo katswiri wa mbiri yakale Timuel Black, anapempha a Obama kuti abwerere m'mbuyo kuti mayiwo asunge mpando wawo, ponena kuti iwo akadali achinyamata ndipo nthawi yawo idzafika. A Obama, amene mayi awo owabereka anali atangomwalira kumene kuchiyambi kwa Novembala, anakana, ndipo anakumbutsa akuluakuluwo kuti anayamba kampeni atalonjezedwa kuti mayi Palmer sadzaimanso pa mpandowo.

Apa m'pamene panalowa nkhani ya masiginecha. Lamulo la ku Illinois limafuna kuti wofuna kuima pa chisankho apereke mapepala osainidwa ndi chiwerengero choikika cha ovota olembetsedwa a m'dera lakelo, ndipo pa mpando uwu pankafunika masiginecha ovomerezeka 757. A Obama anapereka oposa 3,000. Mayi Palmer, amene anasintha maganizo nthawi itatha kale, anatolera awo mothamanga m'masiku ochepa ndipo anapereka 1,580 pa 18 Disembala, tsiku lomaliza. Patangopita sabata, munthu wina wa m'gulu la a Obama anakapereka madandaulo otsutsa mapepala a mayi Palmer ndi a anthu ena atatu amene ankafunanso mpandowo. Kumayambiriro kwa Januwale 1996, ku ofesi ya bungwe loyendetsa zisankho la mzinda wa Chicago, anthu a mbali zonse anakhala pansi n'kumayerekeza dzina lililonse ndi kaundula wa ovota, mzere ndi mzere. Dzina linkafufutidwa ngati mwini wake sanalembetse, ngati amakhala kunja kwa deralo, ngati keyala yake inali yosiyana ndi ya m'kaundula, kapena ngati analemba dzina m'zilembo zikuluzikulu m'malo mosaina. Pepala lonse linkatha kugwa ngati wotolera masiginechawo sanakwaniritse zofunika za lamulo. Mayina a mayi Palmer anaphwa mpaka kutsala ochepera ndi pafupifupi 200 pa chiwerengero chofunika, ndipo pa 17 Januwale anachoka pa mpikisanowo. Enawo atatu nawonso anachotsedwa. Kwa mayi Palmer zinachitikadi zija amanena akuluakulu kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Kutsutsa masiginecha a mnzako si chinthu chachilendo ku Chicago. Ndi chida chakale cha ndale za mumzindawo, ndipo palibe anganene kuti a Obama anaphwanya lamulo. Patapita zaka, nyuzipepala ya Chicago Tribune itafukulanso nkhaniyi mu 2007, iwo anayankha kuti anangotsatira malamulo amene analipo, ndipo anasonyeza kuti munthu wolephera kutolera masiginecha molongosoka akupereka chikaiko pa momwe angagwirire ntchito ya uphungu. Pa za mayi Palmer ndikuona kuti mlandu wa a Obama ndi wopepuka, pakuti mayiwo anapereka mawu awo poyera, mnzawo n'kuwononga nthawi ndi ndalama podalira mawuwo. Chimene chimandivuta ndi cha enawo atatu, amene sanalonjeze kanthu kwa wina aliyense, komanso cha ovota eni ake. Ena mwa mayina ofufutidwawo ayenera kuti anali a anthu enieni amene anangosamuka nyumba osakasintha keyala, zomwe zimachitika kawirikawiri pakati pa anthu osauka ochita lendi, ndipo amenewa ndi anthu ngati omwe aja a Obama ankawalimbikitsa mu 1992 kuti alembetse. Pa chisankho chachipulula cha pa 19 Malichi 1996 anthu a dera la 13 anapeza dzina limodzi lokha pa pepala lovotera, ndipo m'dera limene chipani cha Democratic sichigonja, chimenecho ndicho chinali chisankho chenicheni. Pa 5 Novembala a Obama anapeza mavoti 82 pa 100 aliwonse, kugonjetsa woimira chipani cha Harold Washington Party ndi wa chipani cha Republican, ndipo analumbira mu Januwale 1997.

Mfundo zimene ankakopera anthu sizinali malonjezo a misewu ndi nyumba. Polankhula ndi nyuzipepala ya Chicago Reader mu Disembala 1995 anafotokoza kuti akufuna phungu amene amagwira ntchito ngati wosonkhanitsa anthu, wophunzitsa ovota za zisankho zomwe zili patsogolo pawo m'malo mongowagawira zinthu. Pansi pa maganizo amenewo panali ntchito ndi maphunziro a ntchito kwa anthu ochotsedwa m'mafakitale, chithandizo cha zaumoyo kwa osauka, sukulu, ndi kuchepetsa mphamvu ya ndalama pa ndale. Vuto linali lakuti ku Springfield anapeza Seneti ili m'manja mwa chipani cha Republican, motsogozedwa ndi a James "Pate" Philip, kotero kuti bilu iliyonse ya phungu watsopano wa mbali yochepa inkafunika kudutsa mwa adani ake.

Zimene zinatheka m'zaka zimenezo zinatheka mwa kugwirizana ndi mbali inayo. Mu 1997 Illinois inkakonza malamulo ake potsatira lamulo la dziko lonse la 1996 limene linaika malire pa thandizo la ndalama kwa mabanja osauka, ndipo a Obama, ngakhale ankalikayikira lamulolo, anagwira nawo ntchitoyo n'kulimbikira kuti amayi okakamizidwa kukagwira ntchito athandizidwe ndi ndalama zolerera ana. Mu 1998 a Emil Jones, amene ankatsogolera a Democratic mu Seneti, anawatuma kukakambirana ndi a Kirk Dillard a Republican ndi aphungu ena za lamulo la khalidwe la andale, lomwe linaletsa mphatso zambiri zochokera kwa anthu olipidwa kuti azinyengerera aphungu, n'kuletsanso andale kudya ndalama za kampeni pa zofuna zawo. Mu 2000 anathandiza kukhazikitsa lamulo lochepetsera msonkho anthu ogwira ntchito za malipiro ochepa. Koma pempho lawo loti malamulo aakulu a Illinois anene kuti chithandizo cha zaumoyo ndi ufulu wa munthu aliyense, lomwe linatchulidwa dzina la Kadinala Joseph Bernardin, silinadutse, ndipo mu 2000 omwemo anagonja koopsa kwa a Bobby Rush atayesa kuwalanda mpando wa ku Washington, ovota ambiri akuda akuwaona ngati mlendo wophunzira kwambiri. Anadzudzulidwanso chifukwa cha maulendo oposa 100 amene pa voti anangoyankha kuti alipo, osavomera kapena kukana.

Zinthu zinasintha mu 2003, a Democratic atatenga Seneti, a Jones n'kukhala mtsogoleri wake ndipo a Obama n'kukhala wapampando wa komiti ya zaumoyo. Nthawiyo Illinois inali ndi manyazi aakulu pa nkhani ya chilango cha imfa. Bwanamkubwa George Ryan anaimitsa kupha akaidi mu 2000 ataona kuti kuyambira 1977 anthu 13 oweruzidwa kuti aphedwe anapezeka osalakwa pamene ophedwa anali 12, ndipo ku South Side komweko kunali anthu ambiri akuda amene ananena kuti anavomera milandu atazunzidwa ndi apolisi a pansi pa mkulu wina wa apolisi, Jon Burge, amene anachotsedwa ntchito mu 1993. A Obama anabweretsa bilu yokakamiza apolisi kujambula mafunso onse ofunsa munthu woganiziridwa mlandu wakupha. Apolisi ndi oimira boma pa milandu poyamba anaikana, koma atakhala nawo pansi maulendo ambiri, akuwaonetsa kuti chojambulidwacho chimatetezanso wapolisi woona mtima amene akunamiziridwa, anasiya kuitsutsa, ndipo Illinois inakhala chigawo choyamba kuika zimenezi m'lamulo lopangidwa ndi aphungu. Chaka chomwecho linadutsanso lamulo loti wapolisi aliyense woimitsa galimoto azilemba mtundu wa woyendetsa, kuti zidziwike ngati akuda amaimitsidwa mopitirira muyeso, komanso anawonjezera chiwerengero cha ana olandira inshuwalansi ya zaumoyo ya boma.

A Obama anasiya mpando wa dera la 13 mu Novembala 2004 atasankhidwa kupita ku Seneti ya ku Washington, ndipo m'malo mwawo munalowa a Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, amene mu 2018 anasankhidwa kukhala loya wamkulu wa boma la Illinois. Mayi Palmer sanaimenso pa chisankho china chilichonse cha uphungu, ndipo pa zisankho zachipulula za 2008 anathandiza mayi Hillary Clinton.