Nkhope ya Jan van Goyen pa kathabwa kakang'ono

Anthu akafuna chithunzi cholemekeza katswiri wojambula, kawirikawiri amapempha kuti m'manja mwake muikidwe burashi, kumbuyo kwake kuoneke mitsinje ndi mitambo imene ankajambula. Maganizowo ndi omveka. Koma chithunzi chimene ine ndimachiona kuti chinalemekeza bwino wojambula malo chilibe chilichonse mwa zimenezi.

Ndikunena chithunzi cha Jan van Goyen chimene Gerard ter Borch anajambula cha m'ma 1652, ndipo masiku ano chili m'gulu la zithunzi za banja lachifumu la Liechtenstein, dziko laling'ono la ku Ulaya. Ndi kathabwa kakang'ono, kosafika ngakhale pa pepala la A4. Van Goyen wavala chipewa chakuda chotambalala, chovala chakuda ndi kolala yoyera. Kumbuyo kulibe kanthu.

Van Goyen anabadwira ku Leiden, m'dziko la Netherlands, mu 1596, anaphunzira ntchito kwa Esaias van de Velde ku Haarlem, kenako anakhazikika ku The Hague, kumene anamwalirira mu 1656. Ankajambula mwachangu zedi. Ankapaka penti wochepa, wosungunuka bwino ndi mafuta, moti m'zithunzi zake zina mizere ya thabwa imaonekera pansi pa utoto. Mitundu yake inali yochepa: yotuwa, yofiirira, yobiriwira pang'ono. Mtunda amauika pansi penipeni, thambo n'kutenga gawo lalikulu. Zithunzi zake zodziwika zimaposa 1,000. Ndalama zokha sizinkamukhala. Analowa nawo malonda a maluwa a tulip amene anagwa mu 1637, anagulanso nyumba ndi malo, ndipo anafa ali ndi ngongole zambiri.

Ter Borch, wa ku Zwolle, anali wosiyana naye kwambiri. Ankajambula modekha, timaburashi tating'ono, kusanjikiza utoto wina pamwamba pa wina utauma. Apa ndi pamene pali phunziro kwa wophunzira aliyense. Chovala chakuda sichijambulidwa ndi penti wakuda yekha; mumafunika wakuda wofunda pamene pali mthunzi, wakuda wotuwira pamene kuwala kwagunda, apo ayi munthuyo amaoneka ngati wadulidwa ndi lumo n'kumatidwa pathabwa. Kolala yoyera ili ndi ntchito yake: imalekanitsa mutu ndi mdima wa chovala, diso la woona n'kukwera lokha kupita kunkhope. Ndipo pa nkhope yaing'ono chotero, kadontho kamodzi kolakwika pakona ya mlomo kamasintha munthu wansangala kukhala wokwiya.

Ter Borch sanamubwezere unyamata mkuluyu, amene anali atadutsa zaka 55. Sanayesenso kutengera kajambulidwe kake kothamanga kaja. Anamuonetsa monga nzika yolemekezeka ya mumzinda, zovala zake zofanana ndi za amalonda ndi akuluakulu a nthawiyo. Kwa munthu amene ngongole zinkamulondola, umenewu sunali ulemu wamasewera.

Rembrandt, katswiri wina wa ku Netherlands, naye anakumana ndi funso la mmene angaonetsere wojambula malo pamene anazokota pa mkuwa chithunzi cha Jan Asselijn, wojambula malo winanso, cha m'ma 1647. Poyamba anaika kumbuyo kwake chithunzi cha malo chili pa choimikirapo chake. M'makope osindikizidwa pambuyo pake chithunzi chakumbuyocho chinafufutidwa, Asselijn n'kutsala ndi chipewa chake, mabuku ndi maburashi patebulo.