Misozi yosaleka si chiyambi cha khungu

Pali mphekesera yoti diso likamangotuluka misozi popanda chifukwa ndiye kuti khungu layandikira. Ena amawonjezanso kuti kabowo ka misozi kakachepa mukhoza kukatsegula nokha ndi singano. Zonsezi n'zabodza, ndipo zasinganozo ndiye zoopsa kwambiri.

Imani pagalasi, mukokere pansi chikope. Chakumphuno muona kabowo kosafika ngakhale theka la milimita. Timabowoti tilipo tinayi, kamodzi pa chikope chilichonse, ndipo timatenga misozi n'kuitsitsira m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira amatulukanso mamina. Kabowo kakachepa, misozi imasowa kolowera, imangoyenderera patsaya. Zinthu zimaoneka mwachimbuuzi chifukwa cha madziwo, koma mukapukuta mumaonanso bwinobwino.

Zimene zimachepetsa kabowoka ndi ukalamba, kutupa kwa m'mphepete mwa zikope kwa nthawi yaitali, matenda opatsirana a maso otchedwa trakoma, mankhwala ena a khansa monga docetaxel, komanso mankhwala ena odontheza m'maso a glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso (mankhwalawa musasiye nokha, chifukwa glaucoma imachititsadi khungu).

Kuchipatala, dokotala amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukulitsa kabowoko ndi kachitsulo kowonda koma kosabaya, kenako amapoperamo madzi amchere. Mukamva mcherewo kukhosi, ndiye kuti njira yam'kati ndi yotseguka. Kakayambiranso kuchepa, amacheka pang'ono kapena kuikamo kachubu ka silikoni kwa milungu kapena miyezi ingapo.

Kanjira kakuseri kwa kabowoka n'kofewa, ndipo kamakhota pakangotha mamilimita 2. Singano ikhoza kukaboola pokhotapo, chipsera chake n'kutsekeratu njira yonse. Diso likafiira, kupweteka kapena kutuluka mafinya, limenelo ndi vuto lina, lofunika kuonedwa tsiku lomwelo.