Kukula kwa texture si kumene kumakongoletsa injini ya sitima

Anzanga ambiri amene tikuphunzira nawo Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D pa kompyuta, kuno ku Lilongwe amakhulupirirabe kuti texture, chithunzi chija timamata pa injini ya sitima yopanga pa kompyuta, ikakula ndiye kuti sitimayo yakongola. Ayi ndithu, ndipo zimandiwawa kuona ntchito yabwino ikukanika kuyenda.

Mukachoka pa ma pixel (timadontho ta chithunzi) 2048 mbali iliyonse kupita pa 4096, memory imene texture imadya imachuluka kanayi, osati kawiri: 16 MB imasanduka 64 MB ngati simunaipanikize. Fayilo ya JPEG isakunamizeni ndi kuchepa kwake, ikatsegulidwa imafutukuka yonse. Ndiye taganizani laputopu yakaunjika ikusenza injini, mabogi 30, njanji ndi mitengo m'masewero oyendetsa sitima pa kompyuta ngati Open Rails kapena Trainz. Masewero amayamba kudukizadukiza.

Kaoneni injini itaima ku Kanengo. Mawilo ake ndi ofanana, girizi yemweyo, fumbi lofiira lomwelo. Pentani wilo limodzi, ena onse adyere pomwepo. Malo ochuluka pa texture asungireni chipinda cha dalaivala, poti maso amakhalitsa mmenemo. Kunsi kwa injini 512 yakwana.

Nambala za m'mbali zokha muzipatse malo akeake, chifukwa mukazitembenuzira mbali inayo zimawerengeka chobwerera.